Munthu amene anaveka sitima chikopa cha mbidzi

Ku Nkhotakota kumene ndinakulira, agogo anga aamuna anali ndi kafunso kamene ankakonda kundifunsa m'mamawa, tikakhala pamchenga kudikirira mabwato a usipa. Ankaloza kadontho kakuda kutali uko, pamene madzi amakumana ndi thambo, n'kunena kuti, "Iwe, lija likubwera kapena likupita?" Ndinkayang'anitsitsa mpaka misozi kulengeza m'maso, ndiyeno n'kuyankha. Nthawi zambiri ndinkaphonya. Iwo sankaphonya. Ankati ndisamayang'ane bwato lonse, ndiziyang'ana mutu wake, mbali imene yawala ndi imene yachita mthunzi, ndi thovu limene likusiya. Nyanja imanamiza maso, ankatero, ndipo wosaidziwa imamuuza zimene iye akufuna kumva.

Agogo anatisiya kalekale, ndipo kafunso kawo ndinali nditakaiwala mpaka tsiku lina pamene ndinaona pa intaneti chithunzi chakale cha sitima yaikulu yapamadzi. Thupi lake lonse linali mizeremizere yakuda ndi yoyera, ina yopendekeka, ina yothyoka pakati, ngati mbidzi imene wina waidula zidutswa n'kuilumikizanso molakwika. Poyamba ndinkayesa kuti ndi zosewera za pakompyuta. Koma chinali chithunzi chenicheni cha m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ndinachiyang'ana kwa nthawi ndithu, ndipo ndinazindikira kuti sindikutha kudziwa kumene kuli mutu wa sitimayo. Likubwera kapena likupita? Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsatira mbiri ya munthu amene anaganiza zimenezi, Mngelezi wojambula zithunzi za nyanja ndi sitima, dzina lake Norman Wilkinson.

Anabadwira ku Cambridge pa 24 Novembala 1878. Cambridge ndi mzinda wa kumtunda, koma unyamata wake unamufikitsa ku Portsmouth ndi Southsea, kugombe la kummwera kwa England, kumene kuli doko lalikulu la asilikali apamadzi. Kumeneko anaphunzira kujambula, ndipo kumenekonso n'kumene sitima zinamulowa m'magazi. Mu 1898, asanakwanitse bwino zaka 20, zojambula zake zinayamba kutuluka m'nyuzipepala ya Illustrated London News, ndipo anaigwirira ntchito zaka zambiri.

Ntchito imeneyi tiyenera kuimvetsa bwino, chifukwa masiku ano tinazolowera kuti aliyense ali ndi kamera m'thumba. Nthawi imeneyo nyuzipepala zinkadalira kwambiri dzanja la munthu. Sitima ikamira, kapena zombo zankhondo zikasonkhana kuti mfumu izione, pankafunika munthu woti ajambule zimenezo mofulumira, nyuzipepala isanapite kosindikiza. Ndipo owerenga a ku Britain sanali anthu oti n'kuwapusitsa pa nkhani ya sitima. Dziko lawo ndi chilumba, mabanja ambiri anali ndi m'bale wogwira ntchito panyanja. Ukaika chingwe pamalo olakwika, kapena kujambula utsi ukupita kwina mbendera ikuulukira kwina, wina ankaona. Choncho wojambula wa mtundu wa Wilkinson ankafunika kudziwa sitima monga mmisiri woikhoma, komanso kudziwa mmene imaonekera patali, pa chifunga, dzuwa likamalowa, mafunde akakula. Anayenda maulendo ambiri apanyanja ndi kabuku kake kojambulamo. Kwa zaka pafupifupi 20 ntchito yake inali yoyang'ana sitima ndi kufunsa kuti diso la munthu likuona chiyani kwenikweni.

Mbiri yake inakula moti kampani ya White Star Line inam'patsa ntchito yojambula zithunzi zokongoletsa sitima zake ziwiri zikuluzikulu. Mu Olympic munapachikidwa chithunzi chake cha doko la New York. Mu Titanic, m'chipinda chimene apaulendo olemera ankasutiramo fodya, pamwamba pa malo osonkhapo moto, munali chithunzi chake cha doko la Plymouth. Za chimenechi ndibwererako.

Nkhondo itayamba mu 1914, Wilkinson analowa m'gulu la asilikali apamadzi odzipereka. Ife a kuno tisaganize kuti nkhondo yapamadzi imeneyi inali yakutali kwenikweni, pakuti mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi yotchedwa Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, panyanja yathu yomweyi, ku Liuli, mbali imene lero ndi Tanzania. Anthu ambiri olemba mbiri amati kumeneko kunali kulimbana koyamba kwapamadzi kwa nkhondo yonseyo. Koma Wilkinson iye anatumizidwa ku Dardanelles, ku Turkey, mu 1915, kumene anaona ndi maso ake nkhondo yoopsa ya ku Gallipoli, ndipo zimene anajambula kumeneko zinatuluka m'buku chaka chomwecho. Kenako anabwerera kwawo, n'kumagwira ntchito pa kasitima kochotsa mabomba otcheredwa m'madzi, kufupi ndi doko la Devonport.

Pa 1 Febuluwale 1917 dziko la Germany linalamula kuti sitima zake zoyenda pansi pa madzi ziziwombera chombo chilichonse chopita ku Britain popanda chenjezo. Cholinga chinali kupha dzikolo ndi njala, chifukwa tirigu ndi zakudya zina zambiri zinkachokera kunja. Mwezi wa Epulo wokha, zombo zolemera matani oposa 800,000 zinamizidwa. Ndimayesa kuganiza za chiwerengero chimenechi osati monga matani, koma monga anthu: osonkhezera malasha pansi pa sitima amene sankaona n'komwe chimene chawagunda, ophika, anyamata ongoyamba kumene ntchito. Ambiri a iwo sanali asilikali. Anali anthu ofuna kudyetsa ana.

Akuluakulu ankafunafuna mtundu wa penti woti ubise sitima. Anayesa wotuwa, anayesa wina. Apa m'pamene Wilkinson ananena chinthu chimene wojambula nyanja aliyense amachidziwa m'mafupa mwake: sitima siingabisike. Thambo limasintha kangapo pa ola limodzi. Mtundu umene wasungunuka m'chifunga cha m'mawa umadzaonekera poyera dzuwa likakhala kumbuyo kwake. Komanso sitima za nthawi imeneyo zinkayendera malasha, ndipo utsi wake unkaoneka patali chombocho chisanatulukire n'komwe. Kubisa chinthu chotere kuli ngati kubisa njovu m'munda wa mtedza.

Ndiye anatembenuza funsolo. Ngati mdani adzaiona ndithu, n'chiyani chimene iye amafunika kudziwa akaiona? Yankho lake lili mu mmene torpedo, bomba loyenda m'madzi, imagwirira ntchito. Aliyense amene anasakapo mbalame ndi legeni akudziwa kuti njiwa youluka suilasa pamene ili, umalasa pamene ikupita. Torpedo imatenga nthawi kuti ifike, ndipo panthawi imeneyo sitima yasuntha kale. Choncho mkulu wa sitima yapansi pa madzi ankafunika kudziwa zinthu zitatu: chombocho chalunjika kuti, chikuthamanga bwanji, ndipo chili patali bwanji. Zonsezi ankaziyerekeza ndi diso limodzi, kudzera mu kapaipi koonera kotchedwa periscope, kamene ankakatulutsa pamwamba pa madzi kwa kamphindi kochepa, chifukwa akakachedwetsa amuona. Kapaipi kameneka kali pafupi ndi madzi, mafunde akukamenya, galasi lanyowa. Munthuyo ankafuna zizindikiro zomwe zija za agogo anga: mutu uli kuti, mbali yowala ndi iti, thovu likusweka pati. Akalakwitsa pang'ono chabe pa mbali imene chombo chalunjika, bomba limadutsa kutsogolo kapena kumbuyo.

Maganizo a Wilkinson anali akuti timupatse munthu ameneyu zizindikiro zabodza. Tipente mizere ikuluikulu ya mitundu yotsutsana, yakuda, yoyera, yabuluu, yobiriwira, yodula thupi la sitima mwakuti m'mphepete mwake musaoneke bwino. Mizere ina ipendekeke ngati kuti mutu wakhotera uku pamene walunjika uko. Chumuni cha utsi chioneke ngati chatsamira mbali ina. Pena apentepo thovu labodza. Iye anaitcha njira imeneyi dazzle, mawu amene tanthauzo lake ndi kuthobwa m'maso, monga zimachitikira ukayang'ana madzi dzuwa likuswa mtengo.

Mu Epulo 1917 analembera akuluakulu ake za maganizo amenewa. Anamulola kuyesa pa sitima imodzi yonyamula katundu yotchedwa Industry, ndipo amene anaiona ikuyenda m'mbali mwa gombe anavomereza kuti inkasokoneza. Posakhalitsa anam'patsa zipinda ku Royal Academy, bungwe lalikulu la ojambula, ku Burlington House mu London, kuti akhazikitse gulu lake.

Gawo ili la nkhaniyi ndi limene limandigwira mtima koposa, mwina chifukwa ndimatha kuliona m'maganizo. M'zipinda zimenezo munali amisiri osema tisitima tamatabwa, tating'ono toti n'kunyamula m'manja, kalikonse kofanana ndendende ndi mtundu wa sitima yeniyeni. Munali ojambula okonza mizere. Munalinso akazi, ambiri mwa iwo ophunzira zojambula, amene ankapenta tisitimato ndi kukonza mapulani amitundu. Kasitima kakapentedwa ankakaika pa kathebulo kozungulira, kumbuyo kwake n'kuikako nsalu yooneka ngati thambo, ndipo wina ankakasuzumira kudzera mu periscope n'kunena mbali imene akuganiza kuti kalunjika. Akalondola, ndiye kuti mizereyo yalephera, ayambirenso. Akaphonya kwambiri, pulaniyo inkatumizidwa ku madoko kuti ikapentedwe pa chombo chenicheni. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere ya sitima imodzi sizinkafanana, ndipo mapulani ankawasinthasintha kuti mdani asawaloweze. Imasimbidwa nkhani yakuti Mfumu George V, amene anali atakhalapo msilikali wapamadzi kwa zaka zambiri ndipo ankadzidalira pa zinthu zimenezi, anabwera kudzaona, anasuzumira, natchula mbali, ndipo anaphonya kutali. Mmodzi wa akazi a m'gululo, Evelyn Mackenzie, anadzakhala mkazi wa Wilkinson mu 1918.

Kumadoko ntchitoyo inkayang'aniridwa ndi ojambula enanso. Wodziwika kwambiri ndi Edward Wadsworth, amene anagwira ku Liverpool ndi ku Bristol, ndipo mu 1919 anajambula chithunzi chachikulu cha amuna akupenta sitima yotere m'doko louma ku Liverpool, chimene lero chili ku Canada. Pofika kumapeto kwa nkhondo, zombo za Britain zoposa 2,000 zinali zitavala mizere imeneyi. Olympic yomwe ija, imene Wilkinson anaijambulira chithunzi cha m'kati, nayonso inavekedwa mizere kunja pamene inkanyamula asilikali kuwoloka Atlantic. Mu 1918 iye anapita ku America kukathandiza asilikali apamadzi a kumeneko kuyambitsa gulu lofanana, ndipo anakumana ndi Franklin Roosevelt, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa nduna yoona za asilikali apamadzi.

Chodabwitsa n'chakuti anthu akaona sitima zimenezi amaganiza za ojambula a makono a nthawi imeneyo, aja ankaswa nkhope ya munthu kukhala zidutswa zamakona. Wadsworth analidi wa gulu loterolo. Koma Wilkinson ayi. Zithunzi zake zenizeni n'zofatsa, sitima imaoneka sitima, madzi amaoneka madzi. Sanafike pa mizere yothyokayo pofuna kudabwitsa anthu kapena kutsutsa akuluakulu a zaluso. Anafikapo chifukwa ankadziwa bwino kwambiri mmene chithunzi cholondola chimapangidwira, mzere uti umene umauza diso kuti apa ndi kutsogolo, mthunzi uti umene umati mbali iyi yatembenuka. Wodziwa kumanga mfundo ndi yemweyo amadziwa poyambira kuimasula.

Tsono kodi zinathandizadi? Pano ndiyenera kunena zoona ngakhale ndimam'konda munthuyu. Mu 1918 akuluakulu a asilikali apamadzi a Britain anakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo sinapeze umboni wogwirika woti sitima zamizere zinkapulumuka kuposa zinzake. Kuwerengako kunali kovuta, chifukwa zombo zimene zinapentedwa nthawi zambiri zinali zikuluzikulu, zomwe mdani ankazifuna kale, komanso m'miyezi yomweyo ndi pamene anayamba kuyendetsa sitima zamalonda m'magulu moperekezedwa ndi zankhondo. Njira yoyenda m'magulu imeneyo ndiyo ambiri amavomereza kuti inachepetsa kwambiri kumira kwa zombo. Komabe komitiyo inati kupentako kupitirire, chifukwa sikunkavulaza kanthu ndipo amalinyero ankalimba mtima akakwera sitima yamizere.

Ena amaseka akamva zimenezi, amati ndiye kuti inali mphinjiri chabe, chithumwa cha azungu. Ine sindiseka. Maganizo ake anali olondola: diso la munthu wosuzumira mu kapaipi limanamizikadi, ndipo amene anayesa pa tisitima tamatabwa tija anaona zimenezo ndi maso awo. Kuti panyanja yeniyeni zinapulumutsa zombo zingati, palibe angawerenge, pakuti torpedo imene yaphonya siisiya kalata. Ndipo kulimba mtima kwa munthu amene akutsikira m'chipinda cha malasha, akudziwa kuti anzake anamira sabata yatha, si chinthu chaching'ono. Ndinaonapo amayi akumwetulira poperekeza amuna awo kunyanja usiku wa mwera, mitima ili m'mwamba. Chilichonse chimene chimauza munthu wotero kuti wina wakuganizira, wina wakhala pansi n'kufunafuna njira yoti ubwereko wamoyo, n'chamtengo.

Nkhondo itatha panabuka mkangano wa mwini nzeru. John Graham Kerr, katswiri wa zinyama wa ku yunivesite ya Glasgow, anali atalembera Winston Churchill, nduna yoona za asilikali apamadzi, mu 1914 kuti sitima zipentedwe motengera zinyama monga mbidzi, kuti maonekedwe ake aduke. Panalinso wojambula wa ku America, Abbott Thayer, amene analemba zambiri za mmene nyama zimabisalira. Kerr anawawidwa mtima kwambiri, ndipo ndimamumvetsa, chifukwa anayankhula poyamba koma sanamvedwe. Wilkinson anaumirira kuti cholinga chake chinali china: osati kuti sitima ivute kuona, koma kuti ivute kulasa. Bungwe loona za mphotho za otulukira zinthu linagamula mokomera Wilkinson ndipo linam'patsa mapaundi 2,000. Ine ndimaona kuti Kerr anaona mbidzi, pamene Wilkinson anaona mlenje. Komanso Wilkinson anali munthu wodziwa kulowa m'maofesi ndi kukopa akuluakulu, luso limene Kerr analibe, ndipo zimenezo zinam'thandiza kuposa mmene okonda mbiri yake amavomerezera.

Zaka za mtendere anazithera pa ntchito yofatsa. Anajambula zithunzi zambiri zoitanira anthu kukwera sitima zapamtunda za kampani ya London, Midland and Scottish Railway, ndipo mu 1924 anakopa ojambula otchuka a ku Royal Academy, monga William Orpen, kuti nawonso ajambule zithunzi zopachika m'masiteshoni. Panthawiyo ojambula apamwamba ankaiona ntchito yotere ngati yonyozeka. Iye sankaona choncho. Ankafuna kuti munthu wamba wodikira sitima m'mawa aone chithunzi chabwino popanda kulipira khomo la nyumba yoonetsera zaluso. Ankakondanso kuwedza nsomba m'mitsinje, ndipo anasiya zithunzi zambiri za awedzi ataima m'madzi. Kuyambira 1936 mpaka 1963 anali mtsogoleri wa bungwe la ojambula la Royal Institute of Painters in Water Colours.

Nkhondo yachiwiri itabwera, mizere ija inali itayamba kutha ntchito chifukwa cha ndege ndi makina a radar ozindikira zombo zili patali, amene sapusitsidwa ndi penti. Wilkinson anapatsidwa udindo woyang'anira kabisidwe ka mabwalo a ndege zankhondo. Koma mtima wake unali kunyanja. Pa 6 Juni 1944, ali ndi zaka 65, anali pa sitima yankhondo ya Jervis kugombe la Normandy, ku France, akujambula pamene mizinga inkalira. Zithunzi zoposa 50 zimene anajambula za kulimbana kwapamadzi m'nkhondo yachiwiriyo anazipereka kwa dziko lake, ndipo zimasungidwa ku National Maritime Museum ku Greenwich. Ndaziona pa foni yokha, koma ngakhale pa kagalasi kakang'ono chimene ndimaona choyamba ndi kukula kwa madzi ndi thambo. Sitima, ngakhale zazikulu, zimakhala tinthu tochepa pakati pa zonsezo. Munthu amene sanakhalepo pakati pa nyanja sajambula choncho, amadzaza pepala lonse ndi chombo.

Ndili ku pulayimale ndinkajambula Ilala kumapeto kwa makope anga, ndi chumuni chake, ndi timaboti take totsitsira anthu. Tsiku lina mphunzitsi wina anapeza zimenezo, anang'amba masambawo pamaso pa kalasi, n'kunena kuti kujambula ndi ntchito ya aulesi ndipo sikudzandidyetsa. Ndinasiya. Sindikunena kuti ndikanakhala Wilkinson, koma mpaka lero zimandipweteka kuti palibe amene anandiuza kuti kuyang'anitsitsa chinthu mpaka kuchidziwa ndi maphunziro enieni, ofanana ndi masamu. Mu 1917 dziko lamphamvu, lodzaza ndi mainjiniya ndi akazembe ankhondo, linamvera munthu wa burashi chifukwa iye ankadziwa chimene iwo sankadziwa. Agogo anga sanaponde m'kalasi, koma iwo ndi Wilkinson akanakhala pamchenga umodzi m'mamawa, ndikhulupirira akanamvana popanda womasulira.

Analemba mbiri ya moyo wake, A Brush with Life, imene inatuluka mu 1969, ndipo anamwalira pa 30 Meyi 1971 ali ndi zaka 92.

Chithunzi chija cha doko la Plymouth chinamira pamodzi ndi Titanic pa 15 Epulo 1912. Sitima za White Star Line zinkaima ku Plymouth pobwerera kuchokera ku New York, choncho apaulendo a m'chipinda chija ankayang'ana doko limene sitima yawo inayenera kudzafikako pa ulendo wobwerera, ndipo sinafikeko. Zimanenedwa kuti mmodzi mwa ogwira ntchito m'sitimamo anaona Thomas Andrews, mmisiri amene anatsogolera kumangidwa kwa Titanic, ataima yekha m'chipinda chimenecho usiku womaliza, maso ali pa chithunzicho. Patapita zaka zambiri, Wilkinson atamwalira kale, mwana wake Rodney anachijambulanso potsatira zotsalira za ntchito ya bambo ake, ndipo chimenecho chili ku SeaCity Museum mu Southampton, mzinda umene Titanic inanyamukira ndiponso umene unataya anthu ake ambiri usiku umenewo. Ndachiyang'ana kambirimbiri. Madzi ake ndi abata, kuwala kuli ponseponse, zombo zikuyenda mwaulemu pakamwa pa doko, ndipo chilichonse chikuoneka bwinobwino kumene chalunjika.